Mtima wa Laurindo Unachira Mwini Wake Osafuna

Ine ndimasema ziwalo za anthu: miyendo, manja, mitu, mabere, ngakhale maso. Munthu akadwala n'kuwinda kwa Fransisko Woyera, akachira amabwera kwa ine kuti ndimusemere chiwalo chomwe chinkamuvutacho, akachisiye ku Canindé m'nyumba ya zozizwitsa. Ndachita zimenezi zaka makumi anayi kuno ku Riacho Seco, ndipo anthu olira pofuna kuchira ndawaona ambirimbiri. Wolira chifukwa choti wachira ndaona mmodzi yekha, Laurindo. Mwana wake Gildete ndinamunyamula ine pa ubatizo, motero Laurindo ndi ine timaitanana compadre. Munthu woitanana naye chonchi suloledwa kumumenya, n'chifukwa chake ndangosankha kulemba.

M'masiku ake, Laurindo ndiye anali pakamwa pa tauni yathu. Anali ndi kagalimoto kobiriwira kokhala ndi zimkuzamawu ziwiri padenga, ndipo ankazungulira nako misewu yathu isanu ndi umodzi kulengeza maliro, mbuzi zosowa, ndi masitolo omwe atsitsa mitengo ya nsapato. Mawu anali nawo, zimenezo sindingamunamizire. Koma ankalengeza maliro ngati womwalirayo akuyenera kudzuka kudzamuthokoza. Tsitsi lonyezimira mafuta, malaya osamanga mabatani atatu, kumwetulira mkazi aliyense kupatula wake.

Mkazi wakeyo ndi Dona Zuleide, mayi wosalankhulalankhula, amene akati nyemba zipsa nthawi yakuti zimapsadi nthawi imeneyo.

Tsiku lina masana, Laurindo anaimika galimoto kuseri kwa nyumba ya Creuza, mayi wogulitsa tchizi pamsika. Creuza analowa m'galimotomo. Injini Laurindo anazimitsa, koma chokuzira mawu anaiwala. Tauni yonse inali pa chakudya chamasana, ndipo tonse tinaleka kutafuna. Tinamva mmene Creuza ankatchedwera kankhunda, tinamva zoti kunyumba munthu amangokhalako chifukwa cha mwana, tinamvanso zina zomwe msinkhu wanga sundilola kulemba. Wansembe anatseka zenera. Dona Zuleide anali kuyanika zovala panja, ndipo anamaliza kuyanika zonse, kenako n'kulowa kukalongedza sutikesi.

Mapanga awiri avumbwitsa. Creuza anasamuka sabata yomweyo. Laurindo atafika kunyumba n'kuona sutikesi pakhomo, anagwira pachifuwa n'kugwa.

Ine ndinathamangira kumeneko ndi cholinga choti ndikamudzutse ndi phazi, poti ndinkaona ngati ndi sewero. Koma nditaika dzanja pachifuwa pake ndinachita mantha. Mkatimo munkangophiriphitha ngati nkhuku yomangidwa m'thumba. Kugunda katatu mothamanga, kuima, kugunda kamodzi, kuthamanganso. Kuchipatala anatiuza kuti zipinda zakumtunda za mtima wake zikungonjenjemera m'malo mopopa magazi, ndipo magazi akamachedwa mmenemo amatha kuundana n'kukatseka mtsempha wa muubongo. Anamupatsa mapiritsi osungunula magazi ndi ena ochepetsa liwiro la mtima, oti azimwa tsiku ndi tsiku.

Titabwerera kunyumba, Dona Zuleide anaima kumiyendo kwa bedi, ine ndili pomwepo ngati mboni.

"Bambo a Gildete, tcherani khutu, poti sindibwereza," anatero. "Munthu wodwala sindimusiya. Mayi anga sanandilere choncho. Ndawinda kwa Woyera kuti ndikusamalirani mpaka mtimawo uchire. Ukadzachira ndidzakasiya mtima wamtengo ku Canindé, ndipo tsiku limenelo ndidzakwera basi. Mwamva?"

"Zuleide, ukundilankhula chonchi ndili pa imfa?"

"Compadre Evaristo," anatembenukira kwa ine, "mundisemere mtima. Sindikufuna kudzachedwa nazo tsikulo likadzafika."

Ndinasema sabata yomweyo, ndi mtengo wa umburana, waukulu ngati chibakera. Dona Zuleide anauika m'sutikesi muja, sutikesi n'kuikweza pamwamba pa kabati ya zovala, osatulutsamo kanthu. Kuyambira tsiku limenelo Laurindo anadziwa kuti banja lake lili moyo pokhapokha iye akudwala, ndipo anagwira ntchito yodwalayo mwakhama kuposa ntchito ina iliyonse imene anaigwirapo.

Anamangitsa machila pakhonde, chingwe china kukhoma, china ku nsanamira, n'kugonamo zaka khumi ndi chimodzi. Pambali pake pankakhala kapu yachitsulo ndi supuni. Akagogoda kamodzi ndiye kuti madzi, kawiri ndiye kuti ntchentche zachuluka, katatu ndiye kuti akufa. Ankafa pafupifupi kawiri pa sabata. Zala ziwiri sizinkachoka pakhosi, maso ali kudenga, kuwerenga kugunda kwa mtima ngati munthu woyembekezera uthenga wochokera kutali.

Ndinene chilungamo, poti ndikapanda kunena Woyera andiona. Matendawo anali enieni. Masiku ena nkhope inkachita phulusa, mpweya kumuthera pongopita kuchimbudzi, thukuta lili noninoni, mantha ali m'maso. Masiku amenewo ndinkamumvera chisoni kwambiri. Koma panalinso masiku ena, ndipo anali ochuluka, pamene mtimawo unkabwera ukaitanidwa ngati galu wapakhomo. Thanki ikafuna madzi, wayamba. Denga likadontha, wayamba. Dona Zuleide akangoyang'ana pamwamba pa kabati, kaya akufuna kuchotsa kangaude, kapu inkalira katatu.

Pakhomo pamafunika chakudya, choncho Dona Zuleide anaphunzira kuyendetsa kagalimoto kaja ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu. Sabata yoyamba anagunda mpanda wa tchalitchi. Pofika chaka chachiwiri tinali titaiwala kuti galimotoyo inali ndi mawu ena. Iwo ankalengeza maliro mwachidule, dzina, nthawi ndi malo, ndipo kwa nthawi yoyamba anthu anayamba kufika kumanda pa nthawi yake. Akabwerako ankaphika mpunga wa nyemba wopanda mchere wambiri, kuwerenga mapiritsi, kumudula wodwala zikhadabo. Sanadandaulepo, komanso sindinawaonepo akuseka m'nyumba imeneyo.

Laurindo ankalandira alendo ali chigonere. Ankawafotokozera za mtima ngati ndi iye anaupanga. "Ine, abale, ndikhoza kupita nthawi ina iliyonse," ankatero uku akunyambita zala. "Ndikungokhalira mkazi wangayu. Popanda ine angatani?"

Gildete atakula anakayamba ntchito yothandiza anamwino mumzinda wa Fortaleza. Kumeneko anamva zoti matenda a bambo ake ali ndi chithandizo china: amalowetsa kawaya mumtsempha n'kukawotcha timalo ta mumtima tomwe timayambitsa chisokonezocho. Anawalembetsa pamndandanda wa chipatala cha boma. Laurindo anavomera ndi manja awiri, mpaka kugwetsa msozi pothokoza mwana. Ankaudziwa mndandanda wa boma. Iye mwini anali atalengezapo maliro a anthu angapo omwe anamwalira dzina lili pamenepo.

Panatha zaka zinayi kuli zii, munthu akugona tulo tabwino. Kenako m'mwezi wa Meyi foni inalira. Boma, lomwe anali kulikhulupirira ndi mtima wonse kuti lichedwa, linamugwiritsa fuwa la moto.

"Compadre, ine sindipita," anandiuza nditapita kukamuona. "Munthu wanzeru angalole kuti amuwotche mtima? Ndine nyama ine?"

"Nyama imagwira ntchito, compadre. Mbuzi imadzipezera yokha chakudya."

"Mukuseka? Ndikakafera patebulo paja mudzaseka?"

"Ndidzalira. Koma comadre Zuleide adzalengeza bwino, anthu adzafika pa nthawi yake."

Dona Zuleide anatuluka m'khitchini akupukuta manja. "Mupita," anatero. "Mwana wayenda m'maofesi zaka zinayi. Mukakana, ndiye kuti matendawa mukuwafuna nokha, ndipo ine sindinawinde zosamalira munthu wodwala mwadala."

Pamenepo analibe pothawira. Tinapita tonse atatu, Gildete n'kutichingamira kumeneko.

Dokotala wake anali mayi wamfupi, Dokotala Marluce, wolankhula mofulumira ngati ali ndi mphika pamoto. Anajambula mtima papepala. Anati alowetsa kawaya pa mtsempha wa m'mphechepeche, kakwera mpaka mumtima, ndipo kakawotcha mozungulira pomwe mitsempha yochokera kumapapo imalowera, chifukwa phokoso losokoneza mtima limachokera pamenepo. Zipsera zake zikapola zimakhala ngati mpanda, phokosolo silidutsanso.

"Nanga zikakanika, adokotala?" anafunsa Laurindo.

"Zimachitika. Si onse amachira ulendo woyamba. Ena timawabwereza, ena matendawa amawabwerera pakapita zaka."

Ndinaona nkhope ya compadre ikuwala. Dokotala anaganiza kuti ndi kulimba mtima, mpaka anamusisita paphewa.

Anamulowetsa m'mawa, pofika masana anali atatuluka. Chomwe chinamuvuta kwambiri chinali kugona chagada maola asanu ndi limodzi osapinda mwendo. Ndinadabwa, poti kugona ndiko kunali luso lake. Mawa lake anatitulutsa ndi malangizo: asanyamule zolemera kwa sabata imodzi, apitirize mapiritsi a magazi, aziyenda pang'onopang'ono tsiku lililonse. Dokotala anawonjezera kuti kwa miyezi itatu mtima ukhoza kumaphonyabe apo ndi apo pamene zipsera zikupola, ndipo zimenezo zisawaopse. Ikatha miyezi itatuyo ndi pamene adzaone ngati zatheka.

Pa malangizo onsewo Laurindo anamva awiri: osanyamula kanthu, ndi miyezi itatu. Za sabata imodzi ndi zoyenda zinagwera m'basi.

Masabata oyamba zinamuyendera. M'mphechepeche munatupa n'kuda bii, ndipo ankafuna kuonetsa aliyense, mpaka amayi a m'kwaya anasiya kubwera. Mtima unkaphonyadi nthawi zina, ndipo ukatero ankakuwa mokondwa. "Zuleide! Bwera udzagwire! Wayambanso! Ndinanena ine kuti madokotala awa ndi ana!" Dona Zuleide ankabwera, kugwira dzanja, kuyang'ana wotchi, kulemba m'kope monga anawauzira dokotala, n'kubwerera ku mphika. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Mwezi wachiwiri kopelo linayamba kukhala ndi masamba opanda kanthu. Munthu anayamba kufiira masaya. Mapazi omwe ankatupa anaphwa. Ankadya mbale ziwiri, n'kumanena kuti akudzikakamiza. Tsiku lina ndikudutsa kuseri kwa nyumba yawo, Dona Zuleide atapita kolengeza, ndinaona mbuzi ya eni ikudya malaya a Laurindo pachingwe. Ndinaonanso bambo wa zaka makumi asanu ndi limodzi akulumpha mpanda ngati mnyamata, n'kuithamangitsa mpaka kumtsinje wouma. Pobwerera anali kuimba mluzu. Atandiona, mluzu unathera pakati, dzanja linapita pachifuwa.

"Compadre, ndatsala pang'ono kufa."

"Ndaona. Mbuzi nayonso yatsala pang'ono."

"Musakanene kunyumba."

Sindinanene. Koma ndinamuyang'ana bwinobwino tsiku limenelo, ndipo ndinaona kuti mantha omwe anali nawo anali enieni kuposa a masiku a matenda aja. Ndinafuna kumuuza kuti pali njira ina yosungira mkazi. Koma munthu wa zaka zimenezo ukamuuza zoonekeratu amakuda, ndiye ndinangopitiriza ulendo wanga. Pamenepo ndinalakwa nanenso.

Miyezi itatu itakwana anamuitana ku chipatala chaching'ono cha kwathu kuno, n'kumumata timawaya pachifuwa tolumikiza ku kabokosi kokoloweka m'chiuno. Kabokosiko kanali koti kalembe kugunda kulikonse kwa mtima kwa tsiku lathunthu, zolembazo zipite kwa Dokotala Marluce. Anamuuza kuti akhale monga amakhalira masiku onse. Akanamvera, akanangokagona m'machila.

Koma Laurindo anali atafunsa kale, mochenjera, zinthu zomwe zimadzutsa matendawa. Anayamba ndi khofi, makapu asanu ndi awiri asanadye kanthu. Cha m'ma teni anatulukira kumalo kwanga kosemera.

"Compadre, kachasu uja mumabisa kuseri kwa miyendo yamtengoyo, tandithirirani."

"Inu? Ndi mapiritsi a magazi aja?"

"Kakang'ono. Ndi za mayeso. Adokotala akufuna aone mphamvu ya mtima."

"Adokotala ake ati? Mukufuna mudzipweteke kuti mkazi asachoke? Ndinu chitsiru, compadre, ndipo ndikunena mwaulemu."

Ndinamukaniza, koma tauni ino ili ndi mabotolo ambiri kuposa anthu anzeru. Anakamwa kwina matambula atatu. Kuchoka apo anakalowa mometera tsitsi n'kunyoza timu ya mpira ya aliyense amene anali mmenemo, kuti apse mtima. Anthu anangomusekerera, poti ndani angakangane ndi wodwala. Atagwira pakhosi n'kupeza kuti zonse zili m'malo, anayang'ana kuphiri.

Kuseri kwa tauni yathu kuli phiri lokhala ndi mtanda pamwamba, lomwe timakwera kamodzi pachaka, Lachisanu Loyera, m'mamawa kusanatenthe. Laurindo analikwera mu Ogasiti, dzuwa lili paliwombo. Anthu anatuluka m'nyumba kudzaonerera. Munthu amene kwa zaka khumi ndi chimodzi sankatha kudzitungira madzi akumwa anafika pamtanda, anagwira pakhosi, anatukwana, anatsika, n'kukweranso kachiwiri. Amayi ena anagwada pamsewu n'kuyamba kuyamika Woyera. Dona Zuleide anaimika galimoto pafupi ndi msika, anayang'ana kuphiriko kwa kanthawi, kenako anapitiriza kulengeza za nsapato.

Patatha masabata awiri tinali kwa Dokotala Marluce. Anatambasula mapepala patebulo.

"Bambo Laurindo, tsiku limeneli kuyambira thwelofu mpaka thuu koloko munkatani?"

"Ndinangoyendako pang'ono, adokotala."

"Kuyenda kumeneko muzikuchita. Mtima unathamanga ngati wa munthu wokwera phiri, koma sunaphonye ngakhale kamodzi, ndipo mutapuma unabwerera bwinobwino. Mwana wanu wandiuzanso za kachasu. Zimenezo mukabwereza mudzandipeza ndilibe chisoni. Mapiritsi a magazi musasiye mpaka ndidzanene ine, ndipo tizionana chaka ndi chaka. Koma kunena za lero, mtima wanu uli bwino."

"Taonaninso bwino, adokotala. Mwina kabokosiko kanali kowonongeka."

"Kali bwinobwino."

"Koma munanena kuti ena amawabwerera."

"Ena. Inu simunafike pamenepo. Kodi simukukondwa?"

"Akukondwa," anayankha Dona Zuleide. "Amangochita manyazi."

M'mawa mwake kagalimoto kobiriwira kanazungulira misewu yonse isanu ndi umodzi, pang'onopang'ono. Mawu ake anali omwe aja a maliro, osakwera osatsika. "Tamverani, tamverani. Banja la a Laurindo likudziwitsa abale ndi abwenzi kuti a Laurindo achira. Amene ali ndi ntchito ya kumunda, yokumba kapena yonyamula akhoza kuwapeza kunyumba. Chowinda chikakwaniritsidwa ku Canindé pa chikondwerero cha Woyera. Zikomo."

Mwezi wa Seputembala Laurindo anayesa zonse. Anagogoda kapu katatu, Dona Zuleide anabwera ndi kope ndi wotchi, anagwira dzanja, n'kunena kuti, "Makumi asanu ndi awiri, ndipo mtima ukuyenda mwadongosolo." Anayesa kunena kuti mutu, anayesa bondo. Dona Zuleide anati anawinda za mtima basi. Anapita kwa wansembe kukafunsa ngati chowinda chingasinthidwe, wansembe n'kumuuza kuti zimenezo akakambirane ndi mwini chowinda. Anafika potenga tsache n'kusesa pakhonde, koyamba chikwatirireni, akuyang'ana ngati akuonedwa. Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, ndipo la Dona Zuleide silinali loti tsache n'kulisesa.

Tinanyamuka pa 3 Okutobala pa lole ya mabenchi, pamodzi ndi ena a kwathu. Dona Zuleide anavala mkanjo wofiirira wa Woyera, chingwe choyera m'chiuno, sutikesi pamiyendo. Laurindo anakhala pambali pawo, ndipo lole ikagwa m'dzenje ankagwira pakhosi mwachiyembekezo.

Ku Canindé kunali anthu osayamba. M'nyumba ya zozizwitsa munali mulu wa ziwalo wofika m'chifuwa, miyendo ndi mitu ndi ndodo za olumala, zina zosemedwa bwino, zambiri zosemedwa ndi anthu oyenera kuletsedwa kugwira mpeni. Dona Zuleide anatsegula sutikesi, anatulutsa mtima uja. Unali utada ndi zaka, ukununkhira sopo wa m'zovala. Anagwada, anapemphera mwachidule monga amalengezera, anauika pamulu. Pomwepo ena anaponyapo miyendo iwiri ndi mutu, mtima uja n'kukwiririka.

Atatuluka panja anavula mkanjo, mkati anali atavala kale diresi yapaulendo. Anapatsa Laurindo kathumba ka mapiritsi ndi makiyi a galimoto.

"Oyerawo m'mawa, ofiirawo madzulo. Galimoto imavuta giya yachiwiri. Mawu muli nawo, miyendo tinaiona tonse. Tsalani bwino, bambo a Gildete."

"Zuleide, zaka zonsezi? Anthu adzati chiyani?"

"Anthu anamva kale zonse, tsiku lija. Munawauza nokha."

Laurindo anatsegula pakamwa. Ndinadikira, Dona Zuleide nawonso anadikira, ndinaona ndi maso angawa kuti akudikira. Munthu amene ankatha kulankhula ola lathunthu za nsapato anangoti, "Nanga azindiphikira ndani?"

Ndinawanyamulira sutikesi mpaka pokwerera basi ya ku Fortaleza, komwe Gildete anali atawakonzera chipinda. Ndinawafunsa ngati sakumva chisoni.

"Chisoni ndikumva, compadre, ine si mwala," anatero. "Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala ndikumupatsa madzi munthu uja. Akanangoti tsiku limodzi, Zuleide ndinakulakwira, mtima munasema uja ndikanausonkhezera pamoto n'kuphikira nyemba. Woyera tikanamvana naye. Koma iye anaona kuti kudwala n'kosavuta."

Basi inanyamuka. Ine maso anandiyabwa, ndipo si fumbi.

Pobwerera ku lole, Laurindo sanaoneke. Tinamudikira ola lathunthu, woyendetsa n'kutopa, ife n'kunyamuka kumusiya. Anatulukira kumalo kwanga kosemera patatha masiku awiri, ndevu zili nyankhalala, thumba la ufa lili paphewa. Analikhuthula pa benchi yanga. Munali mitima isanu ndi inayi.

"Compadre, wanga ndi uti apa?"

"Mwachita chiyani, munthu inu?"

"Ndaganiza bwinobwino. Iye anawinda kuti akasiya mtima kwa Woyera. Ngati mtimawo suli kwa Woyera, ndiye kuti chowinda sichinakwaniritsidwe. Ayenera kubwerera. Ndinalowa ngati ndikupemphera, n'kumatola uliwonse wofanana nawo. Inu mpeni wanu mumaudziwa. Tasankhani, timuimbire foni."

Ndakhala ndi zitsiru moyo wanga wonse, koma woba m'nyumba ya Woyera kuti akagwire mkazi pa mlandu wa malamulo ndinali ndisanamuonepo. Ndinaitembenuza mitima ija umodziumodzi. Ina inali ndi mayina kumbuyo. Wina unalembedwa ndi pensulo kuti ndi wa mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi, wochokera kutali ku Piauí. Anthu anayenda masiku kukathokoza, kuthokoza kwawo n'kuthera m'thumba la ufa la Laurindo.

"Palibe wanga apa," ndinatero. "Ngakhale umodzi."

Anakhala pansi pa chitsa. Pamenepo ndinamuuza zomwe ndinayenera kumuuza tsiku la mbuzi lija. Ndinamuuza mawu a Dona Zuleide a pa basi, onse, mpaka za nyemba. Ndinatulutsa foni yanga n'kuiika pa benchi pakati pa mitima ija.

"Nambala ya Gildete ili mmenemo. Mayi ake ali pomwepo. Sindikulonjeza kuti abwerera. Koma mawu oti muwauze ndi awiri okha, compadre, ndipo inu ndinu munthu wa mawu."

Anaiyang'ana foniyo nthawi yaitali. Misozi inatsika, ndipo panalibe womuonerera koma ine. Ndinayamba kukhulupirira kuti dokotala uja anawotcha malo oyenera. Anatambasula dzanja, n'kudutsa foni, n'kutola kachidutswa ka mtengo pansi.

"Compadre," anatero motsitsa mawu, "umburana uja munasemera uja udakalipo? Mutasema wina wofanana, n'kuudetsa pang'ono ndi utsi, iye angadziwe?"

Ndinabweza foni m'thumba. Ndinalongedza mitima ya eni ija m'thumba lake, ndinamanga, ndinamusenzetsa. Ndinamuuza kuti akaibweze komwe anaitenga, ndipo poti ndi munthu wochira, apite wapansi.

Anapitadi, makilomita makumi asanu kupita, makumi asanu kubwera, dzuwa la Okutobala lili pamutu. Anafika kuno osapuma wefuwefu ngakhale pang'ono. Ndinamuona akutsegula chitseko cha nyumba yake, akuima pakhomo, akuitana dzina kamodzi mwachizolowezi. Kenako analowa kukatsuka mbale yake.